Mkanda Wakuda Pakhosi pa Mwamuna Wanga

1

Mukafika ku Kabudula n'kufunsa za Violet, mkazi wa Gideon, simuvutika. Akulozerani ndi mlomo. Akuuzani kuti ndi uja anaima pamaso pa ankhoswe n'kuvomera yekha kuti anagona ndi mwamuna wa mwini wake, pamene mwamuna wake anali gone kuchipatala, bala la opaleshoni lisanaume n'komwe. Ndinaimadi, ndinavomeradi, ndipo dzina ndinatchula. Violetyo ndine.

Amayi anga akuti ndikhazike kaye mtima pansi ndisanalembe. Ndaukhazika chaka chathunthu, wakana kukhala. Ndiye muwerenga momwemo, ndi mkwiyo wake womwe.

Kwathu ndi ku Namitete. Gideon ananditenga chitengwa, ndipo kwawo ndinakhalako zaka zisanu ndi chimodzi. Tinkalima chimanga, fodya pang'ono ndi mtedza wambiri. Mwana tinalibe. Mlamu wanga Lines, mchemwali wake wamkulu wa Gideon amene anamulera amayi awo atamwalira, ankaonetsetsa kuti zimenezi ndisaiwale. Ndikanyamula khanda la mnzanga pachitsime, iye ankati, "Mugwire bwino alamu, simunazolowere." Amayi onse ankaseka, ine n'kumasekanso ngati chitsiru.

Mu Febuluwale chaka chatha Gideon anadzuka mimba itatupa ngati ng'oma, akusanza zobiriwira. Tinathamanga naye mpaka chipatala chachikulu ku tauni. Madokotala anati matumbo apotana ndipo gawo lina lawola kale. Anadula chidutswa chachitali, analumikiza otsalawo, n'kumusoka kuyambira pansi pa chifuwa mpaka kupitirira mchombo. Anatiuza kuti tikanachedwa tsiku limodzi tikanabwera kudzatenga maliro.

2

Ine ndi Lines tinkasinthana ugadiyani. Wina akakhala kuchipatala, wina ankakhala kumudzi kuyang'anira fodya. Wonditengera kusiteji ya minibasi anali Lyson, wa njinga yamoto wa m'mudzi mwathu momwemo, mnzake wa Gideon wa kukwaya. Anali ndi mkazi wake Sara ndi ana atatu.

Lachisanu lina ndinakwera njinga ya Lyson masana, kupita kukalandira Lines. Kuchipatala ndinafika Loweruka madzulo.

Ndinamupeza Lines atakhala pakhonde la wodi, manja ali m'chiuno ngakhale anali chikhalire.

"Munagona kuti, alamu?"

"Mtsinje unadzaza. Sitinaoloke."

"Sitinaoloke? Inu ndi ndani?"

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Ndinatsamira khoma, ndipo iye anaona.

"Mwatopatu," anatero. "Mtsinjewo mumachita kuusenza pamutu, eti?"

Ndinati ndi malungo. Ndinangolowa kukaona Gideon, n'kubwerera kumudzi kukagona sabata yathunthu. Tsiku limene Gideon ankatulutsidwa, ine kunalibe. Malangizo onse a madokotala, mapiritsi, ndi buku lake la kuchipatala, anazilandira Lines.

Kumudzi nkhani inali itayenda kale kuti Lyson nayenso sanagone kunyumba Lachisanu limenelo. Komwe ndinagona ndikuuzani, koma osati pano.

3

Gideon sanafikire m'nyumba mwathu. Lines anamuyalira mphasa m'nyumba mwake.

"Uyu ndi mwana wanga," anatero. "Ndinamulera ndekha, ndimudwazika ndekha."

M'mawa mwake ndinamuphikira phala la mgaiwa lothira nsinjiro, lonona bwino. Lines anandichingamira pakhomo, anavundukula mbale, n'kununkhiza.

"Mukufuna kumupha? Munthu wa bala sadya nsinjiro. Zimautsa mafinya."

"Nanga mazira?"

"Mazira amafewetsa bala."

"Nyemba?"

"Nyemba zimatupitsa mimba. Mukufuna ulusi uduke, matumbo akhuthukire pansi?"

Usipa anati umanyerenyetsa bala. Nyama anati ndi yolimba, ikang'amba polumikiza paja. Mkaka anati umatsegula m'mimba. Ngakhale mgaiwa anati gaga wake ukakanda m'matumbo. Chotsala chinali phala la ufa woyera, lamadzimadzi, m'mawa, masana ndi madzulo. Nthawi zina kansima kofewa ndi msuzi wa tomato.

"Kodi adokotala ndiwo ananena zimenezi?" ndinafunsa.

"Munaliko?"

Apo anandigwira pakamwa. Ndinafunsa za mapiritsi, anati mapiritsi ambiri amaoletsa bala, wamumwetsa sabata imodzi basi. Ndinafunsa za buku, anati lili pabwino.

Musaganize kuti Lines anali yekha. Amayi onse a m'mudzi ankamuvomereza. Aliyense anali ndi m'bale wake amene anadya mtedza ali ndi bala n'kutuluka mafinya odzaza kapu. Gideon mwiniyo, munthu woti ankatha mbale ya chiponde yekha, anandigwira dzanja n'kunena motsitsa, "Violet, achemwali akudziwa. Tisakangane." Mawu amenewo, tisakangane, ndiwo anamudya mwamuna wanga kuposa matenda.

Mu Meyi ndinakumba mtedza ndekha. Unabereka chaka chimenecho ngati ukuchita dala. Ndinadzaza nkhokwe, wina n'kuika m'matumba, mwini wake akumwa madzi oyera pakhomo loyandikana nalo.

4

Bala linapola bwinobwino, ndipo Lines ankayenda monyada. Koma munthuyo ankangotha. Malamba a thalauza anafika pa bowo lomaliza, tinaboola lina ndi msomali.

Juni atalowa ndi chisanu chake, Lines ankamutulutsa m'mawa uliwonse kuti aothere dzuwa. Ankakhala pamphasa mpaka masana, atavala malaya otsegula pakhosi ndi mapatapata. Tsiku lina ndikumupatsa moni ndinaona kuseri kwa manja ake kwafiira ngati wapsa ndi madzi otentha.

"Kukuwawa?"

"Kukutentha. Ngati tsabola."

Patapita sabata ziwiri, pofiira paja panada bii, khungu linauma, linayamba kung'aluka n'kumasupuka ngati mamba a nsomba. Pamapazi chimodzimodzi. Ndipo pakhosi panazungulira mzere wakuda, wokhakhala, kuyambira kumbuyo kudzakumana pachifuwa. Ana a m'mudzi ankati aGideon avala mkanda.

Kenako m'ngodya za milomo munang'ambika. Lilime linafiira psuu, moti ngakhale phala lija ankalimeza akulira. Anayamba kutsegula m'mimba kosalekeza.

Anthu anayamba kunong'ona za kachilombo. Ndinawauza kuti tonse awiri anatiyeza kuchipatala ndipo tinalibe. Sizinawakondweretse, poti nkhani yokoma inali itawaphonya. Anafuna ina, ndipo Lines anawapatsa.

"Ichi si chachipatala," anatero madzulo ena amayi atadzaza pakhonde pake. "Taonani mapaziwa. Munthuyu anasemphedwa. Alipo amene anayenda njira zake, n'kubwera kudzamuthirira mchere."

Sananditchule. Sipanafunikenso kutero. Amayi onse anatembenukira kwa ine.

5

Inu a m'tauni mwina simudziwa tsempho. Kwathu amati mkazi akachita chigololo n'kuthira mchere m'chakudya cha mwamuna wake, mwamunayo amadwala, amatupa, amafota, mpaka kufa. Ndipo amati mankhwala ake sagwira ngati wolakwayo sanaulule.

Kuyambira tsiku limenelo anandiletsa kukhudza chilichonse cholowa m'kamwa mwa Gideon. Lines, mayi wotsogolera mapemphero a amayi Lachinayi lililonse, anapita ku Nsaru kukatenga mizu kwa munthu wa zitsamba. Ankamumwetsa Gideon madzi akuda m'mawa ndi madzulo. Kutsegula m'mimba kunawonjezeka.

"Mwaona? Mankhwala akukana," ankatero. "Mwini mlandu waumitsa khosi."

Tsiku lina atapita kumaliro, ndinawiritsa mazira awiri n'kulowa nawo m'nyumba mwake. Gideon anali atadya theka la limodzi pamene Lines anatulukira, ataiwala nsalu. Anandimenya dzanja, dzira linagwa m'dothi.

"Mfiti iwe! Ukufuna kumumalizitsa?"

"Alamu, munthuyu akufa ndi njala."

"Njala? Ine ndimamuphikira katatu pa tsiku. Iwe unaphikirapo mwana wa ndani?"

Ndinapita kwa a Amosi, malume ake a Gideon, amenenso anali nkhoswe yake. Ndinagwada. Ndinapempha kuti andilole ndipite naye kuchipatala.

"Mayi," anatero akukanda chibwano, "tsempho akamubaya jakisoni amafa pompo. Inu mukudziwa. Konzani kaye zanuzo."

Chakumapeto kwa Julaye Gideon anayamba kubwebweta. Ankalankhula ndi amayi ake omwe anamwalira kalekale. Ankafunsa ngati ng'ombe zalowa m'khola, chonsecho ng'ombe sitinakhalepo nazo. M'mawa wina ndinagwada pambali pake n'kumuitana. Anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Mayi, mukufuna ndani?" anandifunsa mwaulemu.

Ndinatuluka osalira. Ndinapita molunjika kwa a Amosi n'kuwauza kuti aitane anthu.

6

Anakhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba ya Lines. Panali a Amosi, Lines, akuluakulu anayi a banja, ndi amayi ambirimbiri omwe sanaitanidwe koma anabwera ndi mipando yawo. Ankhoswe a kwathu ku Namitete sanawaitane. Anati adzawauza mlandu ukapezeka.

"Ndisanalankhule," ndinatero, "ndifunse. Ndikaulula, mundilola ndipite naye kuchipatala lero lomwe?"

"Taonani, akuchita malonda," anatero Lines.

A Amosi anakweza dzanja. "Mukaulula, amwa mankhwala komaliza, tsempho latha. Zikatero mutha kupita naye komwe mukufuna."

"Lero?"

"Lero."

Ndinaimirira. M'nyumba muja Gideon ankaimba nyimbo ya kukwaya, mawu osokonekera.

"Ndinagona ndi mwamuna," ndinatero.

"Dzina."

Dzinalo analidziwa kale. Linali pamilomo pawo miyezi isanu, ankangofuna lituluke pa yanga.

"Lyson."

Amayi anaombetsa manja. Wina anathamanga kukamuitana, ndipo anabwera ali ndi mafuta a injini m'manja, Sara ali pambuyo pake ndi mwana kumsana. A Amosi anamuuza zomwe ndinanena. Lyson sanayang'ane wina aliyense koma ine.

"Mayi Violet, mukunena ine?"

Ndinayang'ana pansi.

"Sindinachite zimenezo," anatero. "Komwe anagona mayiwa ndikukudziwa, koma ndinalonjeza kuti sindidzanena. Anene okha."

"Ndiye mwavomeratu," anatero Lines. "Chobisa n'chiyani ngati chili chabwino?"

Lyson anadikira. Anandipatsa mpata wautali, wokwana kuti munthu wamtima anene. Ine ndinangoti duu. Sara anatembenuka n'kumapita, mwana akugwedezeka kumsana.

7

Dzuwa lisanapendeke tinali pa galimoto ya matola, Gideon atagona pamiyendo panga. Ndinasankha chipatala cha mishoni cha ku Namitete kuti ndikhale pafupi ndi amayi anga. Lines anakwera nawo, buku lija ali nalo m'chikwama, kuti akaone ndi maso ake jakisoni akamapha mlongo wake.

Dokotala wake anali mayi wamng'ono thupi, wosalankhula zambiri. Anatsegula kolala ya malaya, anayang'ana mkanda uja. Anatembenuza manja. Kenako anavula mapatapata. Phazi lonse linali lakuda ndi losupuka, koma momwe munkadutsa malamba a patapata munali khungu labwinobwino, losalala.

"Mwaona apa?" anatero. "Pomwe dzuwa silinafike sipanapse. Munthuyu amadya chiyani?"

"Phala," ndinayankha.

"Phala ndi chiyani?"

"Phala basi. La ufa woyera."

"Kwa nthawi yaitali bwanji?"

"Chitulukireni m'chipatala. Miyezi inayi ndi theka."

Anapempha buku. Anatsegula, anawerenga, n'kuvula magalasi.

"Apa analemba kuti azimwa mapiritsi a mavitamini tsiku lililonse, azidya zakudya zomanga thupi, ndipo abwerenso pakatha mwezi. Ndani analandira malangizowa?"

"Ife timaopa mafinya," anatero Lines, mawu atachepa.

"Mayi, chakudya sichibweretsa mafinya. Bala limapola ndi chakudya." Anatembenukira kwa ine. "Amuna anuwa anawadula matumbo, ndiye otsalawo sayamwa chakudya mokwanira ngati kale. Munthu wotere amafunika kudya bwino kuposa ife tonse. Ufa woyera paokha ulibe zomwe khungu ndi ubongo zimafuna. Matendawa timawatcha pelagara. Amayamba ndi khungu pomwe pamaomba dzuwa, kenako m'mimba, kenako mutu. Chotsatira chake ndi manda, ndipo sanali patali. Kodi kwanu simulima mtedza?"

"Wadzaza nkhokwe," ndinatero.

Anandiyang'ana, anayang'ana Lines. Anaitana namwino kuti amugoneke.

Ine ndinatuluka panja, ndinagwira chipilala cha khonde, ndipo ndinalira mokuwa mpaka alonda anabwera kudzaona.

8

Anamupatsa mapiritsi ang'onoang'ono, madiripi, mkaka, ndi chiponde cha m'mapaketi. Amayi anga ankabweretsa phala la nsinjiro, mazira ndi usipa. Tsiku lachinayi Gideon anatsegula maso n'kunena, "Violet, fodya uja unagulitsa?" Kutsegula m'mimba kunasiya. Pomatha sabata zitatu mkanda uja unali ukusupuka, pansi pake pakuoneka khungu latsopano.

Munthu woganiza akanati nkhani yathera pomwepo. Kodi mukumudziwa Lines inu?

Anabwerera kumudzi ife tisanatuluke, n'kuyenda khomo ndi khomo. "Mwaona? Miyezi yonseyi mankhwala amakana. Tsiku lomwe anaulula, lomwelo mwana wanga anayamba kuchira." Ndipo masiku ankagwirizanadi. Ndinaulula m'mawa, kuchipatala tinafika madzulo. Za mapiritsi ndi mtedza sanatchuleko ngakhale kamodzi.

Gideon sankakumbukira chilichonse cha masabata obwebweta aja. Tsiku lotuluka, a Amosi anabwera ndi Lines, anamutengera pambali, anamuuza. Ndinamuona nkhope ikusintha. Anadutsa pafupi nane osandiyang'ana n'kukwera galimoto. Katundu wanga anabwera patapita masiku atatu, sutikesi imodzi ndi kamtolo ka m'chitenje.

Akulu a mpingo anandidula. Lyson anamuchotsa kukwaya. Amuna a m'mudzi analetsa akazi awo kukwera njinga yake, moti anasamukira kusiteji ya ku Nsaru komwe sankamudziwa. Sara anatenga ana onse atatu n'kubwerera kwawo ku Nambuma.

Ine ndinakhala kwa amayi anga, ndikulima dimba, ndikutukwana mumtima. Ndinkatukwana Lines, a Amosi, amayi a mipando aja. Munthu mmodzi yekha ndinkamulumpha pomutukwana, ndipo ndi amene ndinkamuona m'madzi ndikaweramira mumtsuko.

9

Gideon anabwera mu Epulo chaka chino. Ndinali kusenda chinangwa pakhonde. Anali atanenepa, khosi lili see, ngati sipanakhalepo kanthu. Anakhala pampando, chipewa chili pabondo.

"Ndimapitabe kuchipatala mwezi ndi mwezi," anatero. "Adokotala aja anandifotokozera zonse. Akuti inali njala ya m'thupi. Akuti pakanapanda iwe ndikanafa."

"Ndiye?"

"Ndiye ndaganiza. Munthu amalakwa. Violet, ndakukhululukira. Tiye kunyumba."

Mpeni ndinauika pansi pang'onopang'ono, chifukwa dzanja langa silinkamufunira zabwino.

"Mwandikhululukira chiyani, bambo?"

"Za Lyson zija. Tisazikumbenso."

Ndinalowa m'nyumba, ndinatsegula sutikesi, ndinatulutsa buku langa la kuchipatala. Ndinamutsegulira tsamba lake n'kumuika pamwendo.

"Werengani tsikulo. Ndi Lachisanu lija."

Nanunso owerenga, nayi nkhani ija ndinakusungirani. Pamene Gideon ankadwala, ine ndinali ndi pathupi pa miyezi itatu. Pathupi poyamba m'zaka zisanu ndi chimodzi. Sindinauze munthu, ndinkadikira kuti pakhazikike, Lines asadzandiseke pakapanda kukhala kanthu. Kenako kunabwera kuthamanga, kugona pasimenti kuchipatala, kusenza fodya ndekha. Lachisanu limenelo tili panjinga, tisanafike ku Nsaru, ndinayamba kutaya magazi. Lyson anakhotera kuchipatala chaching'ono. Ndinapita padera. Ananditsuka m'mimba n'kundigoneka. Lyson anakhala pabenchi panja mpaka m'mawa, poopa kundisiya ndekha, ndipo malaya ake ndi amene ndinakhalira panjinga.

Ndinamulumbiritsa kuti asauze munthu. Gideon anali pakati pa moyo ndi imfa, sindinafune amve kuti mwana amene ankamupempherera wabwera n'kupita iye osadziwa. Komanso mkazi wopita padera kwathu amamuyesa wotentha. Akanandiletsa kuyandikira mwamuna wanga.

Gideon anawerenga kawiri, chala chikutsata mizere.

"Tinali ndi mwana?"

"Tinali naye."

"Nanga bwanji sunanene pabwalo paja?"

"Choona chikanafuna masiku. Akanati aitane ankhoswe a kwathu, afunse anamkungwi, akafufuze kuchipatala, Lines afunse kuti mimbayo inali ya ndani. Inu munali mutayamba kunditcha mayi. Bodza linangofuna dzina limodzi, ndipo madzulo ake munali pa diripi."

Analira. Ndinamusiya alire, nanenso ndinalira nthawi yanga popanda wondigwira.

"Tiye kunyumba," anateronso.

"Ndipita. Koma muitanitse anthu omwe aja, pansi pa mango omwe aja, ndi mipando yawo yomwe. Ine ndiwerenga buku langa, inu muwerenga lanu. Alamu anene ndi pakamwa pawo zomwe adokotala anawauza. Lyson ayeretsedwe."

Anazunguza chipewa m'manja.

"Achemwali achita manyazi kwambiri. Ndi amene anandilera. Sitingangozisiya, ife awiri tikudziwa choona? Tisakangane, Violet."

Ndinatola mpeni wanga n'kupitiriza kusenda chinangwa.

10

Sabata yotsatira ndinakwera minibasi, kenako njinga, mpaka ku Nambuma. Sara ndinamupeza akupeta mphale. Atandiona sanandipatse mpando. Ndinagwada pafumbi, ndinamuuza zonse, ndinamupatsa buku. Anawerenga ataimirira.

"Bukuli munali nalo tsiku lija?"

"Linali m'sutikesi, m'nyumba."

"Kuchokera pamango paja kufika kunyumba kwanu ndi mapazi angati?"

Anatseka bukulo.

"Mwamuna wanga anandilumbirira akulira kuti sanachite. Ndinamufunsa kuti nanga munagona kuti, anati analonjeza. Anasunga lonjezo lanu, n'kutaya ine ndi ana. Inu munapulumutsa wanu pogwiritsa wanga." Anandibwezera buku. "Mwana wanu wapita, pepani. Koma nyamukani, musadetse chitenje."

Mpaka lero sanabwerere kwa Lyson. Akuti akuganizabe, ndipo sindimuimba mlandu.

Tsono inu owerenga, ndili ndi mawu awiri. Oyamba ndi osavuta. M'bale wanu akachitidwa opaleshoni ya m'mimba, buku lake muwerenge nokha, musalole kuti likhale m'chikwama cha munthu mmodzi. Zoti adye mufunse adokotala, osati amayi a pachitsime. Mukaona khungu likuda ndi kusupuka pakhosi, kuseri kwa manja ndi pamapazi, munthu akutsegula m'mimba, mutu ukusokonekera, musayambe kufufuza amene anathira mchere. Thamangani naye.

Achiwiri ndi ondilemera. Ndakwiyira Lines, ndipo sindinasiye. Ndakwiyira a Amosi amene anandigulitsa chilolezo chopita ndi mwamuna wanga kuchipatala. Ndakwiyira Gideon, amene anatsala pang'ono kufa chifukwa choopa kukangana, ndipo akuopabe. Koma pabwalo paja panali njira ziwiri. Ina inali choona chopweteka ine, ina bodza lopweteka munthu wina, ndipo ndinasankha msanga. Ndimadziuza kuti inali nthawi imene inandithina. Masiku ena ndimakhulupirira. Masiku ena ndimadziwa kuti sindinafune kuika mwana wanga pabwalo kuti Lines amutafune, ndiye ndinaikapo Lyson.

Poti pansi pa mango akana kundiitanira anthu, ndawaitana ndekha pano. Inu a ku Kabudula, a ku Nsaru, a ku Nambuma, imvani: Lyson sanandikhudze. Anandinyamula ndikukha magazi, anakhala pabenchi mpaka kucha, ndipo ine ndinamulipira motero. Amene mumadziwa kuwerenga, kawerengereni Sara, kawerengereni akulu a mpingo, ndipo mukafike nayo nkhaniyi pakhonde pa Lines.

Mwezi watha Gideon anatumiza thumba la mtedza wa chaka chino, ndi kakalata koti akuyembekezabe. Ndinamuyankha kuti nanenso ndikuyembekeza, andiuze tsiku la bwalo. Sanayankhe. Thumbalo lili kuseri kwa chitseko, sindinalimasule.